Isamu Sanamwe

Nagoya
14 Seputembala 2018

Okondedwa achemwali a Tokiko,

Amuna anu, a Shigeo, ndiwo anandipha ine. Anandiphera pamchenga wa kwathu, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse ukuona, ndipo sanagwire mpeni, analankhula chabe. Zaka zonse zimene ndakhala kuno ndi zongodikira kuti thupi nalo litsatire. Pepani kuti ndayamba motere ndisanakupatseni moni. Muli bwanji kumeneko? Mawondo aja akukulolanibe kukwera phiri kukasesa pamanda a amayi? Maplamu a mchere amene munatumiza ndinalandira, zikomo. Kuwameza sindingathe, koma ndimaika limodzi palilime n'kutseka maso, kenaka anesi amadzachotsa.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni simundimva. Lilime langa lafota, mawu akutulukira m'mphuno, ndipo inu mumangoti eya, eya, pamene ine ndikunena za imfa. Zilembozi zikuvina chifukwa dzanja silikhazikika, komanso mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira kukakwera boti la nsomba. Muwerenge mofatsa, nokha, musapatse wina kuti akuwerengereni.

Mwezi wathawu, pamene munandiimbira pa masiku okumbukira makolo, munandiuza nkhani ziwiri mukuseka. Yoyamba, Kohei, mdzukulu wanga uja wa kwa mwana wanga Sanae, amusankha kuti chaka chino anyamule kutsogolo machira a mulungu wa m'kachisi wathu pa chikondwerero cha mu Okutobala. Yachiwiri, mnyamatayo masiku ano akugwetsa timitengo todyera, manja akunjenjemera, ndipo amayi a pamsika wa nsomba akuti watengera agogo ake pa botolo. Inu munaseka. Ine ndinaika foni pansi, tsiku lonse n'kumangoyang'ana manja angawa.

Mukukumbukira chaka chimene kutsogoloko ndinali ine. Onyamula tonse tinagona m'kachisi sabata yathunthu monga mwa mwambo, osalawa mowa wathu wa sake, osayandikira mkazi, m'mawa uliwonse kukasamba m'nyanja. Mphasa yanga inagundana ndi ya alamu a Shigeo, poti iwo ndiwo anali mkulu wa onyamula. Chilichonse cholowa m'kamwa mwanga ankachiona. Ankadziwanso kuti miyendo inali itayamba kundikana, chifukwa ndinawauza ndekha, iwo n'kundiyankha kuti ndi kuzizira kwa madzi chabe, mwamuna salira ndi dzanzi.

Tsiku la chikondwerero, titafika ndi machira pamene mafunde amathera, bondo lamanzere linangopinda lokha ngati si langa. Mtengo wonyamulira unatsetsereka paphewa, machira anapendekeka, mbalame yagolide ya pamwamba ija inakhudza mchenga. Ng'oma zinaleka. Ndili chogwada m'madzi, kansalu koyera kokha m'chiuno, alamu anabwera, anandinunkhiza kukamwa, n'kutembenukira anthu.

"Wamwa uyu," anatero.

Kenaka analoza pachifuwa panga, pamene mabere anali atayamba kutupa, ine n'kumawabisa ndi thaulo miyezi yonseyo. "Komanso taonani nokha. Mwambo umati mkazi asakhudze machira, ife tamuika kutsogolo. Mulungu akanalekeranji kugwa?"

Anthu anaseka, achemwali. Kusekako kunawapeputsa mitima, poti tsoka linali litapeza mwini wake. Chaka chimenecho nsomba zinavuta, ndipo boti lililonse lobwera lopanda kanthu linkatchula dzina langa. Apongozi anali atanditenga ngati mkamwini wolowa dzina lawo kuti ndidzasunge nyumba yawo; chisanu chisanafike anandibwezera dzina langa lakale ngati mbale yobwereka. Mkazi anatsala, mwana wanga Sanae anatsala. Anali ndi zaka khumi. Anaima pakhomo atabereka chikwama cha sukulu, amayi ake n'kumutembenuza nkhope kuti asandione ndikutsika msewu. Ndinabwera kuno, ndinagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo mpaka manja atakana, kenaka ulonda pamalo oimika magalimoto. Kubafa la anthu onse sindinalowenso, ndinkasambira m'beseni chitseko chili chotseka.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti alamu ankangodana nane. Ndinamvetsa mochedwa. Mukuwakumbukira amalume a Genzo, mlongo wa amayi, amene ankakhala m'chipinda cha kuseri kwa agogo, ife n'kumauzidwa kuti anagwa padenga? Ankatsamwa ndi madzi, mawu akutulukira m'mphuno ngati ine lero. Alamu ankawadziwa bwino, anawaberekapo kupita nawo kosamba. Ataona bondo langa anakumbukira amalume, n'kuganiza za ana anu amene anali asanakwatire. Kwathuko ukwati usanachitike amatuma munthu kukafunsa kwa oyandikana nawo za magazi a banjalo. Mlamu woledzera sawononga ukwati wa mwana, koma nthenda ya m'magazi imatseka makomo onse. Ndiye anasankha mowa. Inu munali pomwepo pamchenga, mutavala mkanjo wanu wamaluwa wa kimono, ndipo sindikufunsani zimene munkadziwa.

Nthendayi ndinaimva dzina imvi zitadzaza kale m'mutu. Dokotala wachitsikana, a Mizutani, ndiwo anandikhazika pansi. Anati mitsempha yotuma minofu ikufa umodziumodzi, ndipo nthendayi imayenda ndi akazi koma imaluma amuna. Mayi amapatsira mwana wamwamuna. Bambo wodwala amapatsira ana ake aakazi, iwowo osadwala, n'kudzapatsira ena mwa ana awo aamuna. Ndinafunsa chifukwa chake imasiya akazi. Anati chimene chimaidzutsa ndi homoni yachimuna, mphamvu ija ya m'magazi imene imameretsa ndevu ndi kukulitsa mawu. Akuti anayesa pa mbewa: zazimuna zinkapuwala, zazikazi zikuthamanga bwinobwino, koma zazimunazo zikathenedwa zinkakhala ndi mphamvu. Ndinaseka mpaka kutsamwa, anesi kuchita kuthamanga. Ndinati, adokotala, kwathu anandithamangitsa poti ndine mkazi, inu mukuti chikundipha n'chakuti ndine mwamuna?

Ndinalowa m'kafukufuku wawo. Miyezi itatu iliyonse ankatibaya jakisoni wa pamimba woletsa thupi kupanga homoniyo. Theka la ife linkalandira mankhwala enieni, theka madzi chabe, ndipo ngakhale dokotala sankadziwa kuti uyu walandira ziti. Ankatimwetsa phala loyera ngati choko, makina akujambula mmene likutsikira kummero. Pabenchi yodikirira ndinkakhala ndi a Otsuki, amene kale ankayendetsa basi, munthu wa pakamwa posatopa. Iwo ankati madokotala azibisa, koma kudziwa n'kosavuta: amene akutuluka thukuta ngati mayi wosiya kusamba ndiye walandira zenizeni. Tsiku lina, kunja kukugwa chisanu, anandipeza ndikudzikupiza ndi nyuzipepala.

"Mayi Isamu, zakugwirani basi," anatero. "Tiyeni tisonkhe tigule diresi limodzi, tizibwerekana."

Akanakhala munthu wina ndikanamutukwana. Koma iwo anali ndi mabere ngati anga, ndiye ndinangowauza kuti ine ndimavala lofiira, akapanda kulipeza asagule. A Otsuki anamwalira chaka chatha. Anaba kachidutswa ka mochi, kamkate konanda ka mpunga, pa chaka chatsopano akazi awo atatuluka, kanawaima pakhosi. Pabenchipo tsopano ndimakhala ndi anyamata amene sindiwadziwa, ndipo salankhula.

Kafukufuku atatha, a Mizutani sanandinyengerere. Anati mankhwalawo sachiritsa, mtsempha wakufa suuka. Chimene anaona n'chakuti mwina amachedwetsa kufooka kwa pakhosi, makamaka kwa amene nthenda sinakhalitse nawo. Ine ndinafika nayo itakalamba kale m'thupi. Ndinapereka chimuna changa chotsala, ndevu zinapepuka, mimba inatupa, ndipo chimene ndinalandira sindichidziwa. Mwina zaka ziwiri, mwina palibe.

Koma mutandiimbira paja, ndinawafunsa za mnyamata amene manja angoyamba kumene kunjenjemera, mwana wa mwana wanga wamkazi. Anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

"Mwina alibe, agogo," anatero. "Ndipo ngati ali nayo, sindingalonjeze kanthu. Koma ndikanakonda kumuona lero kusiyana ndi kudzamuona ali ngati inu. Kuyeza kwake ndi magazi a m'kabotolo kamodzi."

Kabotolo kamodzi, achemwali. Ine alamu anandiyeza ndi mphuno.

Mudzati ndimulembere Sanae. Ndalemba kangapo konse, makalata amabwerera osatsegula. Sindimuimba mlandu. Anakula akumva kuti bambo ake anagwetsa mulungu chifukwa cha mowa, ndipo anamva kwa munthu amene mudzi wonse umamukhulupirira. Chidakwa chikati sindinamwe, amamva ndani? Kuyambira tsiku lija sake sanadutse pammero panga, ngakhale pamaliro a amayi pamene munandikhazika pafupi ndi nsapato kukhomo. Ndinkasunga umboni ngati kuti wina adzabwera kudzandinunkhizanso. Palibe anabwera.

Ana anu anakwatira bwino, alamu anapambana. Ngati wina mwa ana anu kapena adzukulu anu wayamba kugwetsa zinthu, kapena kuopa masitepe, mukudziwa ndinu, ine sindifunsa.

Tsopano za ine. Chibayo chandigwira kawiri chaka chino chifukwa chakudya chikulowera kumapapo. A Mizutani akufuna kundiboola pamimba kuti aike kapaipi kodyetsera. Ndawauza kuti adikire kaye yankho la kwathu. Sindikukuopsezani ayi. Kungoti sindikuona chifukwa chodyera m'paipi kuti ndikhale ndi moyo wodzamvera pafoni, inu mukuseka, kuti Kohei wagwa pamchenga womwe uja, anthu n'kumati magazi a chidakwa sanama. Pamenepo adzayamba kubisa chifuwa chake ndi thaulo, adzathawira kutauni, ndipo kuchipatala adzafika imvi zili mbuu, ngati agogo ake.

Ndikudziwa mmene zingathere. Mudzaipinda kalatayi, mudzaiika kuseri kwa chithunzi cha amayi paguwa la m'nyumba, mudzayatsa lubani, n'kupita kukawathirira alamu tiyi. Mwakhala nawo zaka zoposa makumi asanu, ndipo mtendere wa m'nyumba mwanu ndi wanu. Komabe ndalemba, poti ndinu nokha otsala amene munandibereka kumsana ndili mwana.

Mupereke moni kwa ana anu onse. Kwa Sanae musapereke, sangaulandire; mungomuyang'ana m'malo mwanga ngati wanenepa kapena waonda, ngati tsitsi layamba kuyera. Kohei mumuuze kuti wonyamula kutsogolo amapinda thaulo paphewa, amaponda ndi chidendene pamchenga wonyowa, ndipo bondo likayamba kunjenjemera afuule kuti wina alowe, palibe manyazi. Musanene kuti zachokera kwa ine.

Moni wa alamu ndausunga. Malo m'manda a kwathu sindikuwafuna, kupepesa kwawo sindikukufunanso, kwachedwa. Ndikufuna chimodzi chokha ndisanafe. Ndamva kuti miyendo yawo ikuyendabe, amapita kudoko m'mawa uliwonse. Ayende ndi miyendo imeneyo onyamula asanalowe m'kachisi, akagogode kwa Sanae, Kohei ali pomwepo. Za magazi ndi za chipatala mukanene ndinu, dzina la dokotala mukulidziwa tsopano. Iwo akanene mawu awiri okha, monga anali awiri amene anandipha nawo, ndipo akanene ndi pakamwa pomwe paja: Isamu sanamwe.

Ine mlongo wanu,
Isamu