Iyayi wa a Miyendo

Lolemba, 9 Juni

Pepani bambo a ana, ndatenga kabuku kanu ka kuntchito osapempha. Masamba amene munkasainitsapo makalata sindinawakhudze, ndayambira chakumbuyo. Mukhululukenso kalembedwe, mukudziwa sukulu ndinalekezera panjira.

Ndilembe bwinobwino kuti ndisasokoneze. Chiwagwereni sitiroko mwezi watha, amuna anga sanatulutsepo liwu. Mbali ya kumanja yonse yafa. Mesenjala amene anapondaponda tawuni yonseyi ndi makalata mpaka anzake kumutcha a Miyendo, lero ngwochita kutembenuza pabedi. Adokotala a mafizo akuti ndiziwauza zinthu zimene amazidziwa bwino, mwina lilime lingakumbuke. Nanga amadziwa chiyani choposa misewu? Koma ine ndikafika pakhomo zonse zimakhala zathawa m'mutu. Ndiye ndiziyenda wapansi poweruka kokolopa, ndizilemba panjira pomwepo, ndizidzawawerengera.

Mwana wathu wachisamba waimba foni. Akuti awatenge akakhale kwa iye, kutawuni ina. Kuli chipinda, kuli mpongozi wosapita kuntchito. Ine nditsale chifukwa cha ntchito yangayi. Tawuni imeneyo abambo ake sadziwako ngakhale msewu umodzi. Ndangoti tiona.

Lachitatu, 11 Juni

Ulendo woyamba. Kuchokera kuofesi, kudzera kuseri kwa banki. Mpanda wautali, magalasi oswa pamwamba pake. Ndazindikira kuti anthu akafika pamenepo amatsitsa mawu, ngakhale amene akukangana. Inenso chifuwa ndachigwira mpaka nditadutsa. Kenako kwa owotcherera zitsulo, fungo la utoto, aliyense kukuwa ngati mnzake ali kutsidya la mtsinje. Misewu iwiri yogundana, koma ngati mayiko awiri.

Madzulo anthu onse amayenda mbali imodzi ya msewu, kutsata mthunzi. Zaka zonsezi ndili m'minibasi sindinazionepo.

Ndawawerengera nditawasambitsa. Maso kudenga. Malovu ndapukuta. Palibe china.

A Telala a khomo loyandikana nalo, amene amawayang'anira masana, anali pakhomo akumvetsera. Akuti alamu mwayamba utolankhani, tikumvani pawailesi posachedwa. Sindinaseke. Kenako ndadandaula kuti sindinaseke, munthu akutithandiza ulere.

Loweruka, 14 Juni

A Miyendo anali ndi maina awoawo a malo. Ankabwera nawo kunyumba ine n'kumangoti eya, eya, maso ali pa mbale. Lero ndikuwasaka ngati singano yogwera mumchenga.

Limodzi ndalikumbuka. Pokhululuka. Ankati ukakwera chitunda chochokera kupositi ofesi umakwera ukutukwana bwana amene wakutuma, koma pali malo ena pamene mtima umangosiya wokha. Ndakwera kukapafuna. Mawondo moto. Ndatukwanadi, a kapitawo athu, matendawa, ngakhale mwana wanga yemwe, Mulungu andikhululukire. Ndiye pamwamba, pafupi ndi sitolo ya magalasi a maso, nyumba zimapatukana, kamphepo kamabwera, madenga onse a kumunsi kuonekera. Ndangopezeka ndaima, mkwiyo watha. Ndi pomwepa. Palibe chikwangwani, palibe mpando, koma ndi pomwepa.

Ndalira pang'ono. Mayi wina wogulitsa malalanje wandifunsa ngati andibera.

Powerenga ndafika pa dzinalo, chikope chawo chagwedera. Kapena ndi ntchentche. Sindikufuna kulemba chimene sindinachione bwino.

Nsapato yakumanzere yayamba kuseka. Mapazi atupa, ndawaviika m'beseni. Iwo amayang'ana besenilo nthawi yaitali.

Lachiwiri, 17 Juni

Ayankhula. Ndilembe pang'onopang'ono.

Dzulo ndinadzera njira ya kuchipatala. Pali mpopi wakale pamene oyendetsa njinga amamwerapo. Polemba ndinatsamiritsa kabuku pamtengo wa magetsi, ndiye ndinatembenuka kuyang'ana kumene ndachokera. Ndinalemba kuti potsika, mpopi uli kumanja. Chonsecho uli kumanzere. Kulakwa kwanga, sindinaone.

Lero m'mawa ndikuwerenga ndisanapite kuntchito. Ndafika pa mpopi uli kumanja. Ndangomva, “Iyayi.”

Liwu lokhuthala ngati lochokera m'mgolo, koma lawo. Ndabwereza chiganizocho. Iyayi kachiwiri, nkhope itakwinyika ngati mmene ankachitira ndikawaikira shuga wochepa mu tiyi. Ndathamangira kwa a Telala osavala n'komwe nsapato. Abwera ndi tepi yoyezera zovala m'khosi, amva okha. Akuti mwamuna ndi mwamuna, angadwale bwanji, kutsutsa mkazi sangaiwale.

Kuntchito ndachedwa. A kapitawo akuti aka n'komaliza kundichenjeza pakamwa. Ndapepesa. Ndakolopa makonde onse ndikumwetulira ngati wamisala.

Mwana ndamuuza. Akuti liwu limodzi si kuchira amayi. Akubwera Lamlungu adzaone yekha.

Lachisanu, 20 Juni

Ndayamba kunama dala. Ine amene mzere ukapindika ndimafufuta. Ndimalemba zoona kaye, kenako ndimasankha malo amodzi n'kuwapotoza, n'kuikapo kadontho kuti ndisadzasokoneze ndekha.

Mlatho wa njanji ndaupititsa kuseri kwa msika. Iyayi. Sitolo ya magalasi ndati ili kumunsi kwa chitunda. Iyayi, mpaka dzanja lamanzere kumenya bulangete. Ndati kanjira ka pakati pa mabekala awiri n'kotakasuka, kamene ankakatcha Kwa Alamu chifukwa simudutsana osakhudzana mapewa. Iyayi wamphamvu, ndi kutsokomola.

Tawuni yonse ili m'mutu mwawo, yosagumuka ngakhale njerwa imodzi. Khomo lotulukira ndiye ndi limodzi lokhali.

Ndayesa kuwaphunzitsa eya. Ndagwira chibwano, ndawaonetsa pakamwa panga. Nenani eya, bambo a ana. Milomo imayesa, mpweya wokha. Atopa, atseka maso. A Telala akuti ndisawakakamize, eya ankamusungira bwana kuofesi, kunyumba kuno sanamugwiritsepo ntchito.

Ndikuopa Lamlungu. Ndachapa makatani. Ndawameta ndevu, ndawacheka pang'ono pachibwano. Mwana adzaona pomwepo, ndikumudziwa.

Lamlungu, 22 Juni

Wabwera. Waona pachibwano asanakhale n'komwe pansi.

Ndawerenga za mpopi. Abambo ake ati iyayi. Mwana wagwetsa misozi, wawagwira dzanja. Ndinati basi tapulumuka.

Kenako wati iye safuna kulanda munthu ngati katundu, afunse mwini wake. Wagwada pafupi ndi bedi.

“Ababa, mukufuna kutsala konkuno ndi amayi?”

“Iyayi.”

Ndati mwanawe, liwu ali nalo ndi lomwelo, funsa mwina, funsa ngati akufuna kupita. Wati, “Amayi, musawaikire mayankho m'kamwa. Mwamva nokha.” Wanenanso za mapazi anga, za ntchito, kuti ndikadzagwa ine adzanyamula awiri. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Galimoto ibwera Loweruka. Wapita osamaliza tiyi.

Liwu limeneli ndalikumba ndine, ndi mabodza anga, ndi mapazi angawa. Lero landitembenukira.

Lachiwiri, 24 Juni

Dzulo sindinalembe. Ndinaweruka n'kumangoyenda, osadziwa kumene ndikupita. Miyendo inanditengera kudepoti ya mabasi. Malo oipa. Aliyense maso ali kwina, palibe amene ali pamene waima. Ndinathawako.

Pobwerera ndinaganiza nzeru. Ndimuonetse mwana kuti abambo ake amati iyayi pa chilichonse, ndiye iyayi wa Lamlungu alibe kanthu. A Telala akhale mboni, ajambule pafoni yawo titumize.

Lero ndayenda njira yonse ya kupositi ofesi mosamala kuposa kale. Chilichonse m'malo mwake. Wosoka nsapato pansi pa masitepe. Ngalande yopanda chivundikiro. Galu wa pagalaja amene sauwa anthu ovala yunifolomu. Bodza ngakhale limodzi ayi. Ndawerenga, a Telala atagwira foni.

Chete. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chete. Amvetsera maso ali pa ine, pena kugwedeza chala. Ndati dzina lanu ndi a Miyendo. Chete. Ndati ine ndine mkazi wanu. Chete. A Telala mwanthabwala ati ine ndiye mkazi wanu. Iyayi.

A Telala aseka, kenako aona nkhope yanga, atsitsa foni. Ati alamu, izi tisatumize. Atuluka mwakachetechete.

Ndiye kuti samangonena. Amadziwa chimene akukana.

Lachitatu, 25 Juni

Kuntchito ndathyola mpini wa chokolopera. Sindikudziwa kuti zachitika bwanji.

Mwina sanamve bwino funso, mwana amayankhula mothamanga. Mwina anamva. Mwina ndimawapweteka powatembenuza. Mwina atopa ndi mawu anga, zaka zonsezi sindinkamvetsera, lero ndiye ndadzaza nyumba ndi misewu yawo yomwe. Mwina ndi beseni lija. Ndikaviika mapazi amatembenuzira nkhope kukhoma tsopano.

Ndikhoza kuwafunsa ndekha. Ndatsegula pakamwa kangapo. Ndimathera kufunsa ngati akufuna madzi.

Zovala zawo ndachapa, ndasita. M'chikwama sindinaike. Zili pampando.

Lachinayi, 26 Juni

Ndakwera mpaka Pokhululuka. Ndaima nthawi yaitali. Kamphepo kanabwera, mtima osasiya.

Bambo a ana, tsamba ili ndikuwerengerani mawa m'mawa, ndipo mulibe msewu. Mumvetsere bwino, ndiwerenga pang'onopang'ono, kamodzi kokha. Sindiikapo kadontho chifukwa ineyo sindikudziwa ngati ndi bodza kapena zoona. Mukudziwa ndinu.

Loweruka kubwera galimoto. A Miyendo akwera, apita kukakhala kwa mwana wawo, ndipo ndi zimene mtima wawo ukufuna.

Ngati ndalakwitsa, mukudziwa chonena. Nenani mokweza, a Telala amve, foni imve. Musayang'ane mapazi anga, ndi anga, ndivala masokosi. Mukakhala chete ndilongedza chikwama ndekha ndipo sindidzakufunsani chifukwa. Koma chonde musatseke maso ngati mwagona. Ndiyankheni lisanafike Loweruka.