Bokosibode ya a Patson

Lolemba, 5 Ogasiti 1957

Sabata yachitatu ndili kwathu ku Chintheche. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ku Bulawayo, ndiye ana a m'mudzi muno akundilonjera ngati mlendo wa boma. Kondowole akundikanabe m'mimba.

Akulu anga a Patson sali bwino. Chifuwa cha kumgodi. Munthu ankakoka bwato yekha uja, lero mkono ngati bango. Mlamu Lydia ndiye akuwatembenuza pamphasa.

Lero andiitana. Akuti ndikonze bokosibode yawo, galimoto yakale ya bokosi la matabwa kumbuyo, yagona pansi pa mango zaka ziwiri, ndiwagoneke kumbuyo pamatiresi, ndiwatengere ku Mpamba kwa Beatrice. Mwana wawo woyamba, ndinamusiya akusewera masanje. Zaka zinayi zapitazo anathawa ndi kapitawo wa msewu, popanda ankhoswe. Akulu, pokhala mkulu wa mpingo, analankhula pabwalo la tchalitchi anthu akumva: usadzaponde pakhomo panga ine ndili moyo. Mwana anamvera. Makalata apita awiri, yankho limodzi lokha, loti pepala silibweza mawu.

"Ndinamunyoza pa anthu, ndikamupepese pa anthu," atero. Kukhala tsonga sangathe, ndiye za kukwera lole iwalani. Pamachila n'kutali, mamailosi makumi atatu ndi kanthu.

Ndawauza kuti sabata imodzi basi. Ndi ntchito yanga imeneyi.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndatsegula boneti. Zisa za mavu. Pampando mazira atatu a nkhuku. Koma injini ilibe vuto lalikulu: mapulagi, kabuleta yodzaza dothi, paipi ya petulo yong'ambika. Masana ndapukusa handulo, yatsokomola, yadzuka.

Ndayenda nayo mpaka pasitolo. Mamailosi makumi awiri pa ola, utsi ngati akuotcha tchire, matabwa akumbuyo akununkha usipa. Munthu wa panjinga wandipitirira akuliza belu. Pakhonde la sitolo wina wafuula kuti, "Zaka zonse zija, mtchona wabwera kudzayendetsa wilibala!" Aseka onse.

Zandiwawa, ndisaname. Ine amene kugalaja ndinkakonzera bwana galimoto za mpikisano. Zaka zisanu ndi zinayi ndikumanga mainjini, iye n'kumakapambana Loweruka, ine kuseri kwa waya ndi sipanala m'thumba. Chiwongolero chake sindinachigwirepo.

Ndamva kuti ku Kande kuli lole inagubuduzika, injini yake ya masilinda asanu ndi atatu, yabwinobwino.

Akulu afunsa ngati tinyamuke Loweruka. Ndati injini yakaleyi singakwere zitunda za ku Mpamba, ingatifere panjira. Bodza. Ikanakwera, pang'onopang'ono, monga inkakwerera kale.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Injini yafika paboti. Galamafoni yanga ndi suti yabuluu zatsala ku Kande, mwini lole wazikonda. Asodzi asanu ndi mmodzi aikweza ndi zingwe panthambi ya mango, akuimba ngati akukoka khoka. Yakale taitsitsira pamchenga, ndachotsamo mabauti ndi zonse zimene ndikufuna. Imeneyo siidzukanso.

Mtima uli phaphapha ngati wa mnyamata wokafunsira. Munthu wa zaka makumi anayi!

Pa 7 Seputembala kuli malipenga aakulu pa boma. Midzi yonse idzakhalapo. A pakhonde la sitolo aja adzakhalaponso.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndagwetsa bokosi lonse la kumbuyo. Matabwa owola anali atatu okha, koma ndinaliyeza ndi maso, kulemera kwake ngati anthu anayi. Galimoto yothamanga sinyamula nkhokwe. Madigadi nawo pansi. Matabwa atenga asodzi, akayanikirapo usipa.

Ndaima patali kuiyang'ana. Mafupa okhaokha, mipando iwiri, injini poyera. Yokongola.

Mlamu anatuluka ndi mtsuko, anaima nthawi. "Mlamu Jairos, nanga akulu anu adzagona pati?" Ndati ndidzakhoma lina lopepuka, ntchito ya masiku awiri. Anasenza mtsuko wake, n'kupita kumadzi. Mkazi ameneyu akakutembenukira msana amaposa wotukwana.

Lamlungu, 25 Ogasiti

Kutchalitchi anthu akundifunsa za galimoto, za odwala akufunsa mlamu. Ndinaziona zimenezi, sizinandisangalatse.

Masana ndinakhala ndi akulu. Jekete lawo lakuda asita kale, lili pamsomali. M'thumba muli kansalu ka mdzukulu amene sanamuonepo. Mawu okanena ku Mpamba akuwayeserera, ine ndimvetsere ngati ndine Beatrice. Amayamba bwino, akafika pakati chifuwa chimawadula. Akuti ayesetsa kuwafupikitsa kuti akwane mpweya umodzi.

Sanandidzudzule. Angoti, "Iwe ndiye ukudziwa zitsulo, ife tidikira." Akanandikalipira bwenzi ndapeza poyankhira.

Ndatuluka ndi mtima woti mawa ndiyambe bokosi.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Bokosi sindinayambe.

Sabata yonse yathera pa giyabokosi, ikukana kukumana ndi injini. Mabowo sakulingana. Ndadula chitsulo chapakati ndekha, tupa ndi sowo, zala zonse mabala. Dzulo zalowana. Ndinavina ndekha pansi pa mango, nkhuku zikundiyang'ana.

Masipuling'i a kumbuyo ndachotsako masamba atatu mbali iliyonse kuti ikhale pansi, isamapepeluke pokhota. Masambawo wapempha wosula zitsulo wa kutsidya, ndamupatsa. Ekizozi ndaidula, mapaipi awiri afupiafupi. Penti yofiira, yotsala pa denga la sitolo.

M'mawa mlamu amachapa nsanza kuseri kwa khitchini, madzi ofiira. Atandiona anawataya msanga. Tonse tinachita ngati sitinaone.

Masiku anayi okha. Malipenga akatha, bokosi. Chiuta ndi mboni.

Loweruka, 7 Seputembala

Yathamanga!

Ndilembe, ndingadzaiwale. Pamsewu woongoka wa ku Bandawe muvi wa liwiro unafika pa mamailosi makumi asanu ndi awiri pa ola. Chipewa chinapita. Misozi ikuyenda cham'makutu. Mitengo ya chinangwa inasanduka mzere umodzi. Ndinkakuwa ndekha ngati wamisala, ndi dzina la bwana uja ndinalitchula, ndi mawu osalembeka.

Pabwalo la malipenga ovina anasiya mizere, oimba zipenga anatsitsa zipenga zawo. Azimayi kuthawa, kenaka kubwerera akululutira. Wa wilibala uja anapempha kuti angoigwirako injini. Ndinamulola, inamuotcha. Zaka zonse za ku Bulawayo sindinakhalepo munthu ngati lero.

Pofika kunyumba ndinapeza akulu avala jekete lija, ali gone pamphasa. Anaimva ili kutali. "Ikulira bwino, mwana wa amama. Ndiye ndi mawa?" Ndati mawa ndi Sabata, komanso bokosi.

"Bokosi," anatero, ngati akuliwerenga pakhoma. Mlamu anawavula jekete pang'onopang'ono, mkono umodzi, kenaka winawo.

Chimwemwe chonse chija chinathera pakhomo pomwepo.

Lachitatu, 11 Seputembala

Matabwa ndapeza Lolemba, ndakhoma dzulo tsiku lonse. Lero ndayesa: matiresi, thumba la mchenga lolemera ngati munthu, ndi mlamu pambali pake. Kumbuyo kwakhala pamatayala. Ikukhula, singayende ndi mayadi khumi omwe. Masipuling'i aja.

Ndathamangira kwa wosula zitsulo. Wandionetsa nkhwangwa zinayi ndi kasemasema, zakuthwa bwino. Akuti chitsulo chabwino chotere sanachionepo, wathokoza kwambiri.

Chitsiru ine. Mawa m'mamawa ku Kande, ndikachotse masipuling'i a lole ija, kaya akwana kaya sakwana.

Akulu sakudya. Phala supuni ziwiri. Mawu aja awafupikitsa mpaka atsala atatu: mwanangu, ndinalakwa, bwera.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndinabwera ndi masipuling'i cha m'ma leveni koloko. Ndinamva kulira ndili pa dambo.

Amwalira dzuwa litangokwera. Mlamu akuti anafunsa kawiri ngati ndabwera.

Lamlungu, 15 Seputembala

Taika Lachisanu. Masiku awiri dzanja limakana pensulo.

Lachinayi lomwe lija akuluakulu a banja anakhala pansi kugawa amithenga. A ku Usisya uthenga upite paboti, a kufupi anyamata a njinga. Ku Mpamba anatuma ine, poti ndili ndi galimoto yothamanga. Palibe anaseka ponena zimenezi.

Anandilangiza monga mwa mwambo: mwana wa malemu sauzidwa panjira kapena kwa eni. Ukanene kuti Ada, atate ake, adwala kwambiri, akumuitana, mawu aja abweza. Adzamvere pakhomo, pali amayi omugwira.

Ndinagwetsanso bokosi lija kuti matayala amasuke. Ulendo umene akulu ankayenda tsiku lathunthu, ine ola limodzi ndi theka, kuphatikiza kudikira pantoni yowolotsa magalimoto pa mtsinje wa Luweya.

Beatrice ndinamupeza akusinja, mwana kumsana. Nkhope ya atate ake yeniyeni. Ine sanandizindikire, anazindikira nambala ya galimoto. Ndinanena bodza langa bwinobwino, ndazolowera. Anagwada pafumbi, kuseka ndi kulira pamodzi. Mwamuna wake anali kumsewu, anangosiya uthenga kwa apongozi, n'kuvala diresi la kutchalitchi.

Atakwera anasisita chitseko. Inenso akunditcha Ada, poti ndine mng'ono wa atate ake. "Ada, galimoto iyi ikanangofika pakhomo pano ndi munthu wa kwathu, tsiku lililonse, ine ndikanakwera. Zoti Ada ondibala avutike kubwera okha sindinazifune."

Mpando umodzi basi ndiwo unkafunika, wokamutengerapo iye. Pa 8 Ogasiti mpandowo unalipo, injini ikuyenda. Palibe anaganizako, ndipo ine woyenera kuganiza mutu unali ku Kande.

Pobwerera ndinkayenda pang'onopang'ono. Phazi limakana. Iye mwana pamiyendo, akundikoka malaya. "Thamangitsani, Ada, si mwati imathamanga? Ndikawapeze ali maso." Njira yonse mafunso. Kodi akudya? Kodi mutu wayera? Kodi mwanayu akamulandira, poti anamutcha Patson popanda kupempha? Ine eya, eya, eya.

Pa Luweya mmodzi wa okoka pantoni ndi wa m'mudzi mwathu. Atationa anavula chipewa, akubwera kudzapepesa. Ndinamupukusira mutu Beatrice akuyang'ana kumadzi. Anavalanso chipewa, n'kuyamba kuyamikira penti.

Tinafika dzuwa likadalipo. Ndinaima pamsewu, pamene kanjira ka kwathu kayambira, nyumba zili kuseri kwa chinangwa. Ndinkadziwa kuti azimayi ali m'nyumba akulira, a mpingo panja akuimba. Koma mapaipi anga aja amagonthetsa dziko lonse. Injini ikulira, iye sankamva kanthu. Anali akukonza kansalu kumutu, akupukuta mwana kumaso ndi malovu. Atate ake anali adakali moyo kwa iye, ndipo ine ndinangogwira chiwongolero, phazi likuponda petulo pang'ono kuti isazime. Kaya mphindi zingati.

Anandigwira mkono. "Ada, zimitsani. Mudzutsa odwala."

Ndinazimitsa.