Foni Yanu Ndatenga, Matelala Akuyimba

A Boakye,

Musavutike kufunafuna foni yanu, ndaitenga. Pepani, koma tamvani kaye musanakwiye.

Poyesa pulogalamu yanga ija yoti matelala azisungiramo miyezo ya makasitomala, ndinalembamo dzina lanu, nambala yanu ndi kukula kwa mimba yanu. Dzulo poitumiza kwa matelala a kumsika ndinaiwala kufufuta. Mukusamba muja ayimba kale asanu, onse pafoni yanu. Mayi Konadu, wapampando wawo, akuti, "Kodi eni mimba ya mainchesi 46 muli pomwepo? Kanthu kanuka mukugulitsa bwanji?"

Mwamva? Miyezi isanu ndi itatu ndikulimbana ndi kompyuta yokalamba ija, wopanda ndi khobidi lomwe lotsatsira malonda, lero akufunsa okha mtengo! Akumana naini koloko, ndiye ndathamangira trotro, minibasi ya kumsika. Sindibwerako mpaka wina agule.

Mwana wathu Pokuaa mumuperekeze kusukulu, waakye wake, mpunga wa nyemba uja, uli m'mbale yofiira. Ndakusiyirani foni yanga yosweka galasi ija, muzikanikiza mwamphamvu.

Dzina ndi nambala ndifufuta madzulo ano. Koma mimbayo ikhala momwemo, ndiyo ikutigulitsira malonda.

Ndine wanu,
Serwaa