Amuveka zoyera mkazi wanga ine ndili moyo

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wopuma, wa zaka 67. Mkazi wanga Kaberi anamwalira zaka zinayi zapitazo, ana ali kutali kumzinda wa Pune, ndipo kunja sindituluka kawirikawiri. Posowa wolankhula naye ndinalemba buku loopsa, la mayi womwalira amene amabwerera kudzateteza mwamuna wake kwa achibale ofuna kumupha. M'bukumo mzukwawo suoneka. Kumangomveka fungo la mafuta a mpiru pamasitepe ndi kulira kwa zibangili. Kunena zoona, ndinalemba Kaberi.

Tsopano akulisandutsa filimu. Wotsogolera filimuyo, mnyamata wotchedwa Sourjo, anandiitana kukaona akujambula. Ndinapeza mtsikana wosewera ngati mzukwawo atavala sari, nsalu yozikulunga thupi lonse ija, yoyera mbee, tsitsi lili nyankhalala, kumaso ngati wagwera mu ufa. Aphungu, ndani sadziwa kuti kwathu kuno mkazi akamwalira n'kusiya mwamuna wamoyo, mtembo wake amakauwotcha atauveka zofiira ngati mkwatibwi? Kaberi ndinamupaka ndekha utoto wofiira wa akazi apabanja pamutu tsiku limenelo. Zoyera n'za mkazi wamasiye.

Nditadandaula, Sourjo anaseka. "Malume, mzukwa wa zofiira aziti ukupita ku ukwati! Anthu amabwera kudzaopa, osati kudzavina." Antchito ake onse anaseka naye. Ndinabwerera pa sitima ndikulira, ndipo kunyumba kunalibe womufotokozera. Kodi ndichotse dzina langa pa filimuyi?

D.K.M., Krishnanagar

Bambo D.K.M.,

Pepani, zimenezi zimapweteka. Koma dzina musachotse.

Sourjo sanalakwe zonse. Kamera sijambula fungo, choncho mzukwa wanu uyenera kuoneka basi. Walira mvula walira matope: munavomera filimu, ndiye zina zisintha, mufune musafune.

Pa za chovala, wolondola ndinu. Pitani sabata ino asanamalize kujambula. Musakamudzudzule pamaso pa antchito ake, mnyamata akachita manyazi amauma mutu. Mukhale awiri pa tiyi, ndipo mupemphe chinthu chimodzi chokha. Musayambire pa mwambo, yambirani pa nkhani. Mufunseni kuti ngati mayiyo ndi wamasiye, akubwerera kudzateteza ndani? Funso limeneli aliyense wa kuno adzalifunsa ali m'holo yoonetsera filimu, ndipo palibe wotsogolera amene amafuna kusekedwa. Mutengereni sari yofiira yatsopano ayesere. Zimene anasiya Kaberi zisachoke m'bokosi.

Akakana, buku lanu likadali pashelefu, palibe amene walifufuta. Mtsikana wa ufa uja si mkazi wanu.

Chondidetsa nkhawa ine si filimu ayi, koma kuti munalira pa sitima n'kusowa womuuza. Imbirani ana lero, muwauze zonse zimene mwandiuzazi, ndipo tsiku loonetsa filimu musakakhale nokha.

Chenjerani, bambo. Mwakwiya kuti Sourjo, pomuveka zoyera mkazi wanu, wakuyesani womwalira. Nanga aneba anu, amene atha zaka zinayi osakuonani kumsika wa nsomba, akukuyesani chiyani?