Kandulo ya Batire

Kopaonik,
Lachitatu masana

Wokondedwa mwana wanga Borjana,

Landira moni kuchokera pamwamba pa phiri pano, pamene mlongo wako Strahinja watikweza ngati katundu. Kaya uli bwanji ku Subotica kumeneko? Nanga chifuwa cha mdzukulu wanga Isidora chija chinatha? Uzimuveka mpango m'khosi, usamvere zoti ana amasiku ano sazizidwa. Ine ndili bwino, kupatula zala zangazi zimene ukuzidziwa kale, ndiye ukaona zilembo zikupendama usaseke. Bambo ako thupi lili bwino. Za mtima wawo ndi zimene ndikufuna ndikuuze.

Mu envulopuyi muli kiyi, usataye. Ndikanaimba foni, koma makoma a kuno ndi opyapyala ngati pepala. Ukatsokomola kubafa, mpongozi akufunsa ali kuchipinda kwake ngati wadwala. Ndikudziwanso kuti foni yochokera kwa ife umayamba waiyang'ana nthawi yaitali usanayankhe. Komanso kiyi sadutsa pa foni.

Loweruka likubwerali ndi slava yathu, tsiku la Yohane Woyera wosunga banja lathu. Za chaka chatha ukuzidziwa, unalipo. Bambo ako ananyema buledi wa slava ndi wansembe, chigawo n'kupatsa Strahinja pamaso pa alendo onse, kuti kuyambira tsikulo mwini slava ndi iyeyo poti ndiye mwana wamwamuna. Buledi ameneyo unakanda ndiwe, monga wakhala ukuchitira chiyambireni zala zanga kukana ntchito. Unatsuka mbale zonse n'kunyamuka osatsanzika. Sindikukumbutsa kuti nditokose chilonda, koma kuti umvetse pamene tafikapa.

Mwini slava watsopanoyo analamula kuti chaka chino tichitire kuno. Wachita lendi kanyumba m'chinyumba chachikulu cha alendo, pambali penipeni pa njira imene anthu amatsetserekerapo pa sinowo. Akuti anzake akuntchito amakhala kuno Januwale yense, ndiye sangawatengere kumudzi kukawakhazika pa mabenchi. Bambo ako anangoti, "Slava ndi yako, mwanawe." Akanatinso chiyani? Chimene wapereka pamaso pa wansembe sulanda. Madzi akatayika saoleka.

Malo ndi abwino, ndisaname. Pansi pamafunda pokha, popanda nkhuni. Ukaima pakhonde, anthu amadutsa fyuu pa matabwa awo, pafupi moti ukhoza kuwapatsira khofi. Pamwamba pawo mipando yolendewera pa chingwe ikukwera, ikutsika, ikukweranso, tsiku lonse, ndipo ndikaiyang'anitsitsa mtima wanga umayamba kuchita chimodzimodzi.

Ndilibe chogwira, Borjana. Khitchini yake ndi kashelefu ndi mapoto awiri. M'mawa kumabwera mayi kudzayala bedi limene ndayala kale. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikadzuka ndimasowa kolowera. Sabata ya slava ine manja ali lende! Ndinapukuta tebulo loyera kale mpaka mlamu wako Tijana anandilanda kansanza, ati, "Amayi, mwabwera kudzapuma, osati kudzafuna ganyu."

Mwana ameneyu mtima ndi wabwino, koma andipha ndi ulemu. Tsiku loyamba anativeka mikanjo yoyera yathaulo n'kutitsitsira pansi pa nyumbayi, kumene kuli dziwe la madzi otentha ndi zipinda zotulutsira thukuta. Ati, "Lowani umu amayi, nyamakazi yonse ithera momwemu!" Ndinalowa. Nthunzi yokhayokha, osaona ndi dzanja lako lomwe. Nditakhala pang'ono ndinazindikira kuti ndatsamira bambo wina wamimba, wosamudziwa, ali ndi kathaulo kokha. Ndinatuluka ngati nkhuku imene aiviika kuti aisosole.

Ndiye pali ena, akatuluka m'menemo amathamangira panja kukadzigubuduza pa sinowo, tsitsi lili lonyowa. Ine amene ndinakulerani osakulolani kukhala pakati pa zenera ndi chitseko kuopa mphepo! Ndinauza mayi wina kuti afa ndi chibayo. Iye anangondiseka, ati, "Agogo, ifetu timachita kulipira kuti tizunzike chonchi."

Bambo ako anakana kuvula. Anakhala pampando m'mbali mwa dziwe, mkanjo pamwamba pa juzi, chipewa kumutu, akufunsa aliyense wodutsa kuti kwawo n'kuti ndipo slava yawo ndi iti. Wosisita anthu msana atawayandikira ndi mafuta ake, anamuuza kuti, "Mwanawe, pita kwa ena, msana uwu unasisitidwa kale ndi khasu."

Poyamba tinkaseka. Kuseka kunatha pamene anayamba kutchula anthu amene adzabwere kunyumba Loweruka. Paja pa slava munthu umamuitana kamodzi kokha, zaka zotsatira amangobwera yekha. Strahinja akuti analembera onse uthenga pa foni. Onse ake ati? A Obrad, amene anakunyamula pa ubatizo, foni yawo imakhala m'kabati yozimitsa kuti isathe moto. Adzavala jekete lawo lakuda, adzatsika mtunda uja ndi ndodo, botolo la kachasu wathu wa rakiya lili m'thumba. A Milunka adzabwera ndi khofi ndi maapozi awo. Azisuweni a kutsidya kwa mtsinje adzadzaza thalakitala. Onsewo adzapeza loko pachitseko, pa chumuni pali zii.

Ndipo ukudziwa zimene anthu akwathu amanena akaona nyumba yotseka pa slava yake. Amati kandulo ya nyumba imeneyo yazima, banja latha. Agogo ako anaiyatsa kandulo imeneyo ngakhale chaka cha nkhondo, pa tebulo pali buledi wouma yekha. Bambo ako chakudya akungochitosa ndi foloko poganiza zimenezi, ndipo iwo akapanda kudya, inenso sindidya.

Dzana ndiye kunachitika zimene ndikulemba manyazi akadandigwirabe. Strahinja ndi Tijana atapita kotsetsereka, bambo ako anatulutsa kandulo yaikulu imene tinabwera nayo, ati aone ngati iima bwino pa katebulo kagalasi ka kuno. Anaiyatsa. Anafukizanso lubani, ati malo ano akununkhira sopo yekhayekha, woyera sangalowemo. Ine ndinati, "A Radoje, panotu si panu." Sindinamalize n'komwe, kachinthu ka kudenga kochenjeza za moto kanayamba kulira, kenaka nyumba yonse, mokweza moti ndinagwetsa kapu.

Anthu anatuluka ali piringupiringu. Amene anali m'dziwe, amene anali mkati mosisitidwa mafuta ali nyezinyezi, onse panja pa sinowo ndi mikanjo yoyera ndi mapatapata. Otsetsereka anaima n'kumajambula. Mayi wa chibayo uja anandiona n'kukuwa kuti, "Agogo, lerotu mwatitulutsa ndinu!" Bambo ako ali chiriri pakati pawo, kandulo ili m'manja ikuyakabe, akuitchingira mphepo ndi chikhatho.

Woyang'anira nyumbayi analankhula mwaulemu, koma mawu ake anali amodzi: moto wa mtundu uliwonse m'zipinda ayi. Strahinja anapsa mtima, ati bambo mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu amene ndimadya nawo. Mtima utatsika anapita kusitolo n'kubwera ndi kandulo ya batire, ya pulasitiki, yokhala ndi kabatani pansi. Anaiika pa tebulo mokondwa, ati, "Onani bambo, imachita kuphethira ngati yeniyeni." Buledi waitanitsa kukhitchini ya hotelo, tirigu wowiritsa wa slava akuti adzabwera m'kabakuli kotseka.

Mlongo wako si woipa, Borjana. Sakuona chabe. Bambo ako anatenga kanduloyo, anadina kabatani, yayaka, anadinanso, yazima. Anachita zimenezo kangapo, kenaka anangoiika pansi. Ndikanakonda akanakalipa.

Dzulo m'mawa ndikuchokera kubafa ndinapeza palibe. Suti yawo yakutchalitchi palibe, nsapato palibe. Ndinathamanga m'makonde onse, ndinasuzumira mpaka m'chipinda cha nthunzi chija, ndikuitana dzina lawo ngati wamisala. Anawapeza antchito oyang'anira njira yotsetserekera, ali kutali kumunsi, akutsika wapansi pakati penipeni pa njirayo, otsetsereka akuwazemba uku ndi uku akutukwana. Atawafunsa kumene akupita anati akukakwera basi, kunyumba kukubwera alendo. Anawabweza pa kanjinga kamoto koyenda pa sinowo, atakhala kumbuyo ndi suti yawoyo, buluku litanyowa mpaka m'maondo.

Ndinawavula nsapato, ndinawaviika mapazi m'madzi ofunda, uku ndikuwakalipira. Ndinati mukanagundidwa bwanji, mukufuna slava isanduke maliro? Iwo anati ayi, anali ataganiza kale zobwerera asanawapeze. Ati ali pakati pa njira anakumbukira kuti akapita, Loweruka mwana wawo adzaima pamaso pa alendo ake wopanda bambo, ndipo anthu adzati mkuluyo analanda chimene anapereka. Kupita sangapite, kukhala sakukhazikika. Anagwira njakata pa sinowo pomwepo.

Kenaka anapisa m'thumba la mkati n'kutulutsa kiyi wa kunyumba. Ati, "Desanka, Borjana uja amadziwa pamene timasunga choikapo kandulo?" Ndinati nanga wakhala akuchipukuta ndani zaka zonsezi, angelo? Kenaka ati, "Akana." Ndinati akakana ndiye kuti watengera inu. Ati, "Umulembere." Ndinati lembani nokha, manja anu ndi abwino kuposa anga. Anatenga cholembera, anakhala nacho mpaka khofi anazizira, papepala pali dzina lako lokha. Ndiye ndi ine pano.

Mwana wanga, ndikukupempha. Pita kwathu Lachisanu. Ukatsegule nyumba, ukakoleze mbaula kuti utsi uoneke pa chumuni. Ufa uli m'kabati yam'munsi, tirigu ali m'chitini cha buluu, kabichi wowawasa ali mumgolo kuchipinda cha pansi. A Milunka adzakuthandiza kukulunga nyama m'masamba a kabichiyo, koma usawalole kuthira mchere. Kandulo ukagule kutchalitchi, yaikulu, usaumire, ndipo wansembe umuuze pomwepo kuti nyumba yatsegulidwa. Chithunzi cha Yohane Woyera chili pamalo pake pakhoma. Bambo ako anakana kuchichotsa, ati woyera sakwera phiri kukasewera.

Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, ndi kuti kusitolo ya mankhwala kwanuko sakonda kupereka tchuthi mwadzidzidzi. Ndikudziwanso kuti ukhoza kunena kuti slava ili ndi mwini wake, mundifuniranji ine. Ukatero sindikuimba mlandu. Koma ndili ndi mantha, Borjana. Munthu amene ndinamuona dzulo akutsitsidwa pa kanjinga kaja ndi wokalamba kuposa amene ndinakwera naye phiri lino. Nyumba ikakhala yotseka Loweruka, sindikudziwa kuti nditsika ndi ndani.

Kupepesa sanapepese, ukuwadziwa, mawu amenewo pakamwa pawo sakwanapo. Koma ndili mkati molembamu anena zinthu ziwiri, ndipo ndikukupatsa monga anenera.

Ndinawafunsa kuti wansembe akafika n'kufuna mwininyumba woti anyeme naye buledi, mwanayo adzayankha chiyani, aitane a Obrad? Anamenya katebulo kagalasi kaja moti ndinaopa kuti kasweka. Ati, "Obrad ndi mlendo. Akafunsa mwininyumba, anene kuti ndi iyeyo. Wansembe akadodoma, amuuze kuti Radoje watero."

Chachiwiri anena motsitsa mawu, nkhope ili kuzenera. Ati Loweruka iwo adzaima pano pambali pa mwana wawo, adzamwetulira, kandulo ya batire adzaipirira. Koma alendo akayamba kufika kwathuko, uimbe foni yanga. Ati ngati sukufuna kulankhula nawo, usalankhule. Ungoika foniyo pa shelefu ya pafupi ndi khomo, amve chitseko chikutseguka.

Undiperekere moni kwa Isidora, ndipo umutenge ngati sukulu ilola, akaone mmene amayi ake amakandira buledi. Ukafika, moni kwa a Obrad, a Milunka ndi aliyense amene adzalowe pakhomopo. Strahinja ndimuuza ndekha zonsezi kalatayi ikangonyamuka. Akakwiya, akwiyire ine. Mulungu akusunge panjira, ndipo Yohane Woyera akutsogolere.

Ndilekeze pano, basi ya madzulo yopita kwanuko sidikira munthu. Ndimati ndikapatsire dalaivala ndine, koma bambo ako avala kale chipewa, aima pakhomo, ati envulopuyi akapereka okha.

Ndine mayi ako,
Desanka