Njati ya Banjerd ndi Nambala ya Chiuno Changa

Lolemba, 4 Novembala

Lero ine Chaloem, makaniko wamkulu wa Nakhon Sawan yense kuyambira pachipata changa mpaka kuseri kwa bafa, sing'anga wa injini zakufa, mwini wa mano khumi ndi limodzi, amene ndinasiya sukulu Sitandade 4 aphunzitsi akulira ndi chisangalalo, ndatsegula kope latsopano. Woliwerenga ndine ndekha. Ndadzivulira chipewa.

Nkhani ndi iyi. Banjerd, mnzanga wa zaka makumi asanu, anamwalira mu Ogasiti, thupi lake tinaliotcha mwa mwambo wathu. Pa 17 mwezi uno akwanitsa masiku zana, tsiku lokathira phulusa lake pamene mitsinje iwiri imakumana. A Lamduan, mkazi wake, abwera m'mawa ndi phava la nthochi. Akuti mwamuna wawo sapita kumtsinje pa galimoto ya munthu wina. Apita pa Njati.

Njati ndi Valiant yake yakuda ya 1965. Zaka zisanu ndi zinayi ili gone pansi pa lona.

Ndati, "Mlamu, ilira imeneyo." Pakamwa panga sipayamba pafunsa mutu.

Masiku khumi ndi atatu.

Lachiwiri, 5 Novembala

Lona ndachotsa. Makoswe asamuka mong'ung'udza. Matayala onse ophwa, koma injini ikuzungulira ndi dzanja, ndipo moto ukufika ku mapulagi. Mwayi.

Matenda ali mu kabuleta, chosakanizira petulo ndi mpweya. Ndaimasula: mkati phala lofiirira, fungo la vanishi. Magasiketi, timapepala totseka mipata, akufumbutuka ngati masamba ouma. Kachikopa ka pampu, kamene kamalavula petulo ukaponda moto, kauma gwa.

Zonsezi zimagulidwa mu paketi imodzi ku Bangkok. Koma wogulitsa safuna mbiri ya galimoto, amafuna nambala. Makabuleta a mtundu uwu kunja amafanana ngati ana a nkhumba, mkati mabowo ndi osiyana.

Nambalayo imakhala pa kachitsulo ka makona atatu komangidwa pa sikulu ya pamwamba. Palibe. Amene anakataya ndikumudziwa, ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse. Masiku amenewo tonse tinkatero, tinkati kamangokola zala.

Lachitatu, 6 Novembala

Pambali pali nambala zikuluzikulu zotukuka. Imeneyo ndi nyambo ya ophunzira ntchito: ndi za chikombole chimene anaumbiramo chitsulo, makabuleta zikwi ali nazo. Yeniyeni ndi yaing'ono, yodindidwa kumunsi, pafupi ndi bowo la bawuti. Yafufutika. Palafini, mswachi wakale, kenako paudala wa ana. Kupaka, kupukuta ndi chala chachikulu pang'onopang'ono, kupendeketsera kudzuwa.

3, 8, kenako chinthu chimene sichikudziwa ngati ndi 3 kapena 8, kenako 6 ndi S. Pansi pake D 5. D ndi mwezi wachinayi, 5 ndi chaka cha 65. Ndiye kuti kabuletayi ndi yobadwa nayo. Banjerd ankalumbira choncho, ine n'kumamuseka kuti anamunamiza. Pepa, mphongo.

Kupusa kwanga: ndachitira zimenezi pakhonde. Thongbai, mayi wogulitsa khofi kutsidya kwa msewu, waona paudala ndi chala. Mmenemo ndi mmene anthu amasisitira mitengo ya mizimu kuti iwaonetse nambala za lotale. Posakhalitsa anthu asanu ndi awiri pakhonde, wina lubani ali m'manja. Akuti womwalira akufuna kusiyira anansi kenakake. Banjerd ameneyo, munthu wouma manja ngakhale ndi machesi.

Thongbai: "Amalume, musadye nokha. Wakupatsani zingati?"

Ndatseka maso, ndanjenjemera pang'ono m'mapewa, ndati 4271. 42 ndi chiuno cha buluku langa, 71 ndi zaka zanga. Alemba m'zikhato. Wina wagwadira kabuleta.

Khofi wa lero anali waulere, wamkaka wambiri.

Lachisanu, 8 Novembala

Dzulo tsiku lonse pa nambala yachitatu ija. Lero ndayala kapepala ka fodya pamwamba, ndakhula ndi pensulo. Kumanzere n'kotseguka. Ndi 3. 3836 S. Ndavina ndekha, bondo landikumbutsa zaka.

Masana kwa a Lamduan kuti tiimbire Kanlaya, mwana wawo wa ku Bangkok, akagule. Akuti ndisavutike, zatheka kale. Kanlaya anaimba Lachitatu madzulo, anagula dzulo, paketi ili pa basi. Ndafunsa kuti nambala anaitenga kuti.

"Kwa Thongbai. Si msewu wonse ukuidziwa?"

Ndakhala pansi. Andipatsa madzi, akuti ndi dzuwa. Ndavomera kuti ndi dzuwa.

Pobwerera ndimadzilimbitsa mtima kuti sipangakhale kabuleta padziko lapansi ya nambala ya chiuno changa. Nanga mwanayo wagula chiyani?

Loweruka, 9 Novembala

Ilipo. Ya makamwa awiri, ya galimoto yaikulu. Ya Njati ndi ya kamwa limodzi. Gasiketi ndaiyika pamwamba, ikuoneka ngati buluku langa pa mwana wa mbuzi.

Ndamuimbira Kanlaya ndekha, nambala ndatchula katatu. Sitolo atsegula Lolemba.

Lolemba, 11 Novembala

Ya 3836 alibe. Kanlaya wazungulira masitolo asanu. Yochokera kunja, masabata atatu.

Wandifunsa kuti nambala yoyamba ija inachokera kuti. Ndamuuza. Yankho lake:

"Amalume, bambo ankanena kuti tsiku lina nthabwala zanu zidzakulumani. Sanandiuze kuti zidzaluma amayi."

Ndavala malaya a mabatani, ndapita kukaulula kwa a Lamduan. Ndimayembekeza chipande pamutu. Bola chikanakhala chipande. Amapitiriza kusenda adyo. Kenako anangoti msuweni wawo ali ndi pikiapu, amufunsa.

Banjerd pa pikiapu, ngati thumba la mpunga.

Masiku asanu ndi limodzi. Chakudya sichinalowe.

Lachinayi, 14 Novembala

Masiku awiri osalemba, zala zinali zamafuta.

Abwana anga oyamba, mdala wina wochokera ku Hainan, sankagula gasiketi. Katoni ya nsapato, kuipaka girisi, kuigoneka pa chitsulo, kugogoda m'mphepete ndi kahamala ka mutu wozungulira mpaka chitsulo chidule chokha. Zaka makumi anayi ndisanachitenso. Zinayi ndang'amba. Yachisanu yakhala. Nsapato zanga za ku ukwati zilibenso nyumba.

Majeti, timabowo todutsa petulo, ndaviika, ndawapemerera ndi pampu ya njinga. Singano yotsekera petulo ya mu paketi yolakwika ija yalowa bwinobwino. Chiuno changa chathandizako pena.

Chinatsala ndi kachikopa. Lamba ndi wokhuthala, lilime la nsapato ndi lolimba. Dzulo ndimatukwana ndekha pakhonde, osadziwa kuti a Lamduan aima pachipata. Anabwerera. M'mawa uno abwera ndi kachikwama ka m'thumba ka Banjerd, kofewa ngati khutu la galu.

"Masiku onse munalibe kanthu umu. Kagwireko ntchito kamodzi."

Ndadula mozungulira, ndaviika mu oyilo, ndakanikiza pa soketi ya sipanala nambala 12 kuti kapindike ngati kapu. Podula lumo linandivuta. Kakununkhabe mafuta ake a m'mutu.

Za pikiapu sanatchule. Inenso ayi.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndamanga zonse. Petulo watsopano m'chigubu, pang'ono m'kamwa mwa kabuleta. Kiyi.

Yakhosomola. Yayetsemula moto, nsidze yanga yakumanzere yapita. Kachitatu yalira.

Utsi msewu wonse, agalu kuthawa, zovala za anthu pachingwe kuda. Sikulira mosalala, ikuchita ngati nkhalamba yokwera masitepe, koma ikulira. Ndatembenuza sikulu ya mpweya theka, kenako kotala. Yakhazikikako.

A Lamduan anamva ali kwawo, nyumba zitatu kuchokera pano. Anabwera ndi nkhata ya maluwa, anaikoleka pa galasi la kutsogolo, n'kubwerera.

Loweruka, 16 Novembala

Tsiku la lotale. Palibe 42, palibe 71, palibe chilichonse chapachibale. Ndimayembekeza kuti anena kuti Banjerd ndi wouma manja ngakhale kumanda. Koma Kanlaya wafika m'mawa ndipo wafotokozera msewu wonse za buluku langa.

Khofi wa masana anali ndi mchere. Thongbai anaima pamenepo mpaka ndinamaliza kapu. "Watsekemera, amalume?" Ndati sindinamwepo wotere.

Ndayesa Njati kuzungulira kachisi kawiri. Pamalo osalala ikuyenda. Pachitunda ikujejema, ndikaponda moto imayamba yaganiza kaye. Mwina gasiketi ikuyamwa mpweya. Kumasulanso ndi kuing'amba, katoni yatha. Sindinauze munthu.

Kumtsinje ndi makilomita asanu ndi limodzi. Chitunda chimodzi, cha pamsika.

Lamlungu, 17 Novembala

Zatheka! Amonke adya, adalitsa, atsogola pa galimoto ya kachisi. Ine pachiwongolero, malaya oyera, nsidze imodzi. A Lamduan pambali, mphika wa phulusa wokulungidwa nsalu yoyera uli pamiyendo. Kanlaya ndi Thongbai kumbuyo. Njati yanyamuka kiyi mmodzi. Chitunda cha pamsika yachimeza ngati nthochi. Wapolisi wa pamphambano wachita sawacha. Ogulitsa nsomba aimirira. Tafika padoko injini ikuimba, ndazimitsa ndekha ndi zala ziwiri ngati dalaivala wa nduna.

Bwato. Maluwa. Pamene madzi ofiira amakumana ndi obiriwira, a Lamduan amasula nsalu. Mnzanga wapita.

Makaniko wamkulu wa Nakhon Sawan yense akagone.

Lolemba, 18 Novembala

Munthu wonamiza kope lake ndi wofunika kumumanga.

Za bwato ndi zoona. Za wapolisi ndi ogulitsa nsomba ndapeka, wapolisi kunalibe n'komwe. Chitunda inakwera, inde, mokwawa, koma itangofika pamwamba inazima. Kiyi kasanu, batire kutha. Doko likuoneka apo, mtunda wa mabwalo atatu a mpira. Msuweni uja anali kumbuyo kwathu ndi pikiapu yake, anatsika akumwetulira, n'kutsegula chitseko.

A Lamduan sanatsike. Anandiuza kuti nditsike ndine. Anasendera pachiwongolero, munthu woti sanayendetsepo galimoto chibadwire, mphika anaukhazika pampando pambali pawo n'kuutchinjiriza ndi chikwama.

"Zaka zonse zija ikazima wokankha ndinali ine, iye ali phee mkati. Lero tikhala mkati tonse awiri. Kankhani, alamu."

Tinakankha. Ine, Kanlaya atavula nsapato, Thongbai akunditukwana pa sitepe iliyonse, kenako msuweni, kenako amuna awiri onyamula madzi oundana amene sankadziwa n'komwe kuti ndi maliro a ndani. Galimoto imapita uku ndi uku ngati yaledzera. Dengu la mavwende la munthu linatsala pang'ono kupondedwa.

Chapakati ndinapeza kuti msewu sindikuuona. Thongbai anandiyang'ana. Ndinati ndi utsi wa ekizozi.

Injini inali chizimire.