Mkazi Wopanda Nkhope pa Chitseko

Lamulungu, Juni 1958, ku Trelawney, m'dziko la eni

Lero kunazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo. Titaweruka ku mapemphero, a Zuze, mkulu wa ku Tete amene amamanga mabelo a fodya pafamu pano, anationetsa chitseko chimene asemera tchalitchi chathu cha m'komboni. Pathabwapo asemapo mwamuna ali patsogolo, kamtolo kali pamutu, ndipo kumbuyo kwake kuli mkazi wabereka mwana.

Ndinawafunsa, powatchula monga timatchulira akuluakulu kuno, kuti, "Sekuru, chikondi chili pati apa, poti mwamunayu wafulatira mkazi wake?"

Anagogoda thabwalo ndi chala. "Mwanawe, awa si zidole zoti unganyamule mmodzi n'kusiya mnzake. Onse atuluka m'thabwa limodzi. Ukati uchotse mwamunayu, mkaziyu ang'ambika."

Koma mkaziyo alibe nkhope, pangokhala posalala. Anthu anaseka, ati mkulu ntchito yamukulira, inenso ndinaseka nawo. Onse atabalalika, a Zuze anandiuza chapansipansi kuti ankafuna kusema nkhope ya mkazi wawo amene anamusiya kwawo, koma atagwira tchizulo, nkhopeyo inakana kubwera.

Pobwerera kunyumba ndinayamba kuganiza za mkazi wanga Nabanda, kwathu ku Ntcheu. Ndinamulonjeza kuti fodya akangogulitsidwa ndibwera, ndipo fodya wakhala akugulitsidwa chaka ndi chaka. Mphini za patsaya pake ndikuzikumbukira, ngakhalenso duku lofiira limene anavala pondiperekeza. Ndayesetsa mpaka dzuwa kulowa, koma pakati pa duku ndi mphinizo, pangokhala posalala.